Kodi zaluso ntchito yake n'chiyani pa moyo wa munthu?

Mayina a ana osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka, m'makomo ena muno mu Zomba mumabuka mkangano. Mwana amusankha kukaphunzira zisudzo, nyimbo kapena zojambulajambula ku Chanco, iye ali mwee kusangalala, koma bambo ake agwira kukamwa: "Zaka zinayi kukaphunzira kuvina? Nanga udzadya chiyani?" Mkangano womwewo umamveka pa wailesi nthawi ya bajeti. Oimba ndi azisudzo amadandaula kuti andale amawakumbukira pa kampeni pokha, ena n'kuwayankha kuti dziko limene zipatala zake zikusowa mankhwala silingataye ndalama pa ng'oma.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, kungoti zimayamba kukangana zisanagwirizane kuti zaluso ntchito yake n'chiyani. Akatswiri amene amafufuza za chikhalidwe cha anthu sapereka yankho limodzi, chifukwa ntchitozo n'zambiri ndipo zimalowana. Zili ngati chitenje: chimodzi chomwecho mayi amaberekera mwana, amapinda nkhata, amafunda kukazizira, amavalanso kumaliro. Nyimbo imodzi nayo ikhoza kutonthoza, kudzudzula ndi kudyetsa mwini wake nthawi imodzi.

Tikati zaluso tikunena chiyani?

Tikunena zinthu zimene munthu amapanga mwadala kuti zioneke, zimveke kapena zikhudze mtima mwa njira inayake: nyimbo, magule, ndakatulo, nthano, zisudzo, zojambula, zosema, zoumba ndi zoluka. Malire ake ndi ovuta kuwaloza. Mphika ndi chiwiya chophikira ndiwo, koma timizere timene woumba walemba m'khosi mwake sitithandiza kuti nyemba zipse msanga. Analembapo pa chifukwa china.

Khalidwe limeneli ndi lakale kwambiri. Kuphanga la Blombos ku South Africa, ofukula zakale anapeza timiyala tofiira tolembedwa mizere yopingasana, pamodzi ndi mikanda ya tizigoba ta nkhono, zimene zakhala zaka zoposa 70,000. Anthu amenewo analibe minda, ndalama kapena sukulu, koma nthawi yolemba mizere anaipeza. Kwathu kuno, m'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zofiira n'za Akafula, alenje amene ankakhala kuno kalelo. Zoyera zambiri n'za Achewa, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali ndi Nyau. Palibe amene anazijambula kuti agulitse kapena kuti alendo adzazione. Zinali mbali ya mwambo.

Mizimu, matenda ndi maliro

Ntchito imodzi yakale ya zaluso ndi kulumikiza amoyo ndi zimene maso saona. Gule Wamkulu amatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu, ndipo kwa eni ake zilombo zimene zafika pabwalo zikuimira mizimu ya makolo. Tchopa wa Alhomwe, amene ndi wodziwika ku Phalombe, Mulanje, Thyolo ndi mbali zina za Zomba, ankavinidwa pothokoza zokolola, alenje akabwerako bwino, komanso popereka nsembe kukagwa chilala kapena mliri. UNESCO inavomereza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, ndipo Tchopa anatsatira mu 2014. Zipembedzo zimene zinabwera pambuyo pake zinayenda njira yomweyo: kwaya m'tchalitchi, kaswida pakati pa Asilamu.

Vimbuza wa Atumbuka akutionetsa ntchito ina, yochiza. Wodwala, amene kawirikawiri amakhala mayi, amavina pakati pa anthu akumuimbira ndi kumuombera m'manja, ng'oma zikulira mpaka mzimu umene wamugwira utadziwika. Okhulupirira amati mzimuwo wavina ndipo wakhutira. Ofufuza za maganizo a munthu amawonjezapo kuti m'nyimbo za Vimbuza mayi amapeza mpata wotulutsa zimene zamukhala pamtima, monga nkhanza za m'banja kapena kusungulumwa mwamuna atapita kutali kukagwira ntchito, ndipo mudzi wonse umamva. Mafotokozedwe awiriwa ndi osiyana, koma onse akuvomereza kuti guleyo sakungosangalatsa.

Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Aristotle wa ku Greece anafotokoza zofanana ndi zimenezi polankhula za zisudzo zomvetsa chisoni. Anazitcha catharsis, ndiko kuti kutsukidwa mumtima: munthu akaonera zowawa za wina pa sewero, mantha ndi chisoni zimene zinaunjikana mwa iye zimapeza potulukira. Amene anachezerapo pamaliro izi amazidziwa ngakhale sanamvepo za Aristotle. Abambo ali panja kuzungulira moto, amayi a Mvano kapena a Chigwirizano ali m'nyumba atazungulira bokosi. Kulira kukafika poti wofedwa watsala pang'ono kukomoka, mayi mmodzi amayambitsa nyimbo motsitsa, anzake n'kuvomera. Kulira sikutha ayi, koma kumalowa m'nyimbomo, mpweya wa wolirayo n'kuyamba kutsatira kayendedwe ka nyimbo. Oimbawo amadziwa nyimbo yoyenera pakati pa usiku ndi yoyenera m'bandakucha, ngakhale palibe anawalembera.

Kusunga zimene zinachitika

Mu December 1946, mvula yoopsa inagwa pa phiri la Zomba. Madzi, matope ndi miyala zinatsika n'kukokolola milatho ndi nyumba, anthu n'kufa. Malipoti a boma la atsamunda a tsokali alipo, ndipo nyumba yosunga zikalata zakale za dziko lino ili muno mu Zomba momwemo, koma ndi angati anapitako kukawerenga? Chimene chinasunga nkhaniyi m'mitu ya anthu ndi nthano ya Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula zonse, komanso nyimbo imene abale a Paseli anaimba za tsokalo. Patapita zaka, mlakatuli Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa ku Chanco, anatenga Napolo yemweyo n'kumusandutsa chizindikiro cha mphamvu zimene zimagwera anthu mosayembekezereka, kuphatikizapo za ndale. Phiri litagumuka ku Phalombe mu 1991, ndiponso namondwe wa Freddy atasakaza mu March 2023, dzina limene linabwera msanga pakamwa pa anthu ambiri linali lomwelo. Akatswiri a miyala amafotokoza kuti dothi la m'phiri likakhuta madzi limatsetsereka. Nthano imasunga china: mantha a usiku umenewo, ndi chenjezo loti zinachitikapo ndipo zikhoza kuchitikanso.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, inasiya zikumbutso za mitundu iwiri. Choyamba ndi chipilala cha asilikali a King's African Rifles chimene chili pafupi ndi Cobbe Barracks, chomangidwa nthawi ya atsamunda. Chachiwiri ndi beni. Guleyu anayambira kugombe la Kenya ndi Tanzania cha m'ma 1890, ndipo anafalikira kuno makamaka ndi anthu obwera kunkhondo, n'kukhazikika pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba. Ovina amavala yunifolomu ya khaki ndi mamendulo, amakhala ndi maudindo ngati a usilikali, ndipo amaguba motsatira wezulo. Malipenga a kumpoto ndi mganda wa chigawo chapakati ndi abale ake. Olemba mbiri sagwirizana ngati ovina oyambawo ankasirira mzungu kapena ankamuseka. N'kutheka kuti zonse ziwiri zinali momwemo, ndipo mwina n'chifukwa chake bwanamkubwa ankatha kuonera osakhumudwa pamene a m'mudzi akufa nazo tseko.

Kunena zosaneneka

Apa ndi pamene zaluso zimakhala ndi mano. Mayi amene sangayankhe apongozi ake maso ndi maso amadikira nthawi yosinja. Pamtondo amaimba za munthu wina wosatchulidwa dzina amene amawerenga nthuli za nyama mumphika, mnzake akuvomera, misi ikugunda mosinthana. Apongozi ali pakhonde akumva zonse. Kukadandaula kwa ankhoswe sangapite, poti akauzidwa kuti ndi nyimbo chabe. Zigayo zachepetsa mitondo, koma njirayo ilipobe. Gule Wamkulu amachita chimodzimodzi ndi anthu amphamvu: Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya anabadwa pamene a Nyau ankalimbana ndi amishoni. Kumalo a zachikhalidwe a Kungoni ku Mua, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kuli zigoba mazanamazana, ndipo zambiri zimadzudzula khalidwe linalake, kaya ndi umbombo, chiwerewere kapena kudzikuza.

Olamulira amaidziwa mphamvu imeneyi. Plato, mphunzitsi wa Aristotle, ankafuna kuti alakatuli ambiri asaloledwe mumzinda wolongosoka chifukwa amatakasa mitima ya anthu. Kuno lamulo lounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo sewero linkayenera kuvomerezedwa lisanaonetsedwe. Gulu la alembi la ku Chancellor College, limene linayamba mu 1970 koleji isanasamukire ku Chirunga muno mu Zomba mu 1973, linaphunzira kuphiphiritsa. Ankalemba za nyama, za mvula, za nthano zakale, owerenga n'kumadzimasulira okha. Jack Mapanje anatulutsa buku lake la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods mu 1981. Mu 1987, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anamangidwa n'kutsekeredwa ku Mikuyu, kunja kwa tauni ino, mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Koma tisathamangire kunena kuti zaluso nthawi zonse zimaima ndi oponderezedwa. Zaka zomwezo, amayi a mbumba ankavina atavala nsalu za nkhope ya Kamuzu, akuimba nyimbo zomutamanda ndi zonyoza amene ankatchedwa zigawenga. Zambiri zinali nyimbo za magule a m'midzi zimene anangozisintha mawu. Izi ndi zimene zimatchedwa propaganda, kutanthauza uthenga wokonzedwa kuti ukope anthu kutsatira olamulira kapena gulu linalake popanda kufunsa mafunso. Ng'oma yake inali yokoma, ovina anali aluso, ndipo n'chifukwa chake zinkagwira ntchito. Lero chipani chilichonse chili ndi nsalu yake ndi oimba ake. Nyimbo ya fuko, imene Michael Sauka anapeka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964, nayonso cholinga chake ndi kumanga anthu pamodzi. Kusiyanitsa nyimbo yomanga dziko ndi yogonetsa anthu tulo si kophweka, ndipo yankho limadalira amene mwamufunsa.

Kuphunzitsa

Makolo sankaphunzitsa ndi choko. Kutsimba ndi kundagala, malangizo ambiri amadutsa m'nyimbo, m'magule ndi m'zithunzi zoumba kapena zojambula pansi, chifukwa chimene munthu waimba ndi kuvina sachiiwala msanga. Nthano za kalulu madzulo zinali sukulu ya ana aang'ono.

Zomba ili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. M'zaka za m'ma 1980, gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chanco, limene aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr ankagwira nalo ntchito, linatengera zisudzo kumidzi ya kufupi ndi Liwonde pa nkhani za umoyo. Njirayi imatchedwa Theatre for Development, ndiko kuti zisudzo zothandiza anthu kukambirana za chitukuko chawo. Kachitidwe kake n'kosiyana ndi sewero la muholo. Ochita sewero amayamba akhala m'mudzimo, kucheza ndi anthu pachitsime, pamsika ndi pabawo, kumva chimene chikuwavuta. Kenako amapanga sewero la nkhani yomweyo, m'chinenero ndi nyimbo za komweko, n'kukalionetsa pabwalo la mfumu. Nkhani ikafika pothina, mwachitsanzo bambo akukana kukumba chimbudzi pamene mwana akutsegula m'mimba, wosewera amatembenukira kwa anthu n'kufunsa kuti, "Nanga inu mukuti nditani?" Apa ndiye pamayamba phokoso. Wina akuti bamboyo ndi waulesi, wina akuti dothi la kuno ndi lamchenga, dzenje limagumuka mvula ikangoyamba. Mfundo yachiwiriyi mlangizi wochokera ku ofesi mwina sakanaimva. Mabungwe monga CRECCOM, limene likulu lake lili muno mu Zomba, anapitiriza njirayi pa nkhani ya maphunziro a atsikana, ndipo masewero a pa wailesi monga Tikuferanji ananyamula uthenga wa Edzi kufika nawo m'nyumba zimene nkhaniyi inali yosatchulika.

Pali odandaula, ndipo ena mwa iwo ndi azisudzo eni ake. Amati ndalama za mabungwe zinazoloweretsa olemba kuyamba ndi uthenga, nkhani n'kubwera pambuyo, mwakuti woonera amadziwiratu kuti mtsikana wokonda ndalama uja adwala ndipo sewero lithera pamaliro. Oikira kumbuyo njirayi amayankha kuti ngati sewero lapulumutsa moyo, zilibe kanthu kuti mathero ake anali odziwikiratu.

Kukongola pakokha

M'zaka za m'ma 1800 ku France kunabuka gulu la alembi ndi ojambula limene linkati luso silifunika kutumikira tchalitchi, boma kapena chiphunzitso chilichonse. Kukongola kwake n'kokwanira. Alembi ambiri a mu Africa, monga Chinua Achebe, anatsutsa maganizo amenewa, nati wolemba ali ndi udindo kwa anthu ake.

Komabe mfundo ya Afalansa aja si yachilendo kwenikweni kwa ife. Mayi amene amatsutsuta nyumba yake ndi dothi la mitundu iwiri, lakuda m'munsi loyera m'mwamba, sakuphunzitsa munthu aliyense. Woluka mkeka amene walowetsamo mizere yofiirira, kapena mnyamata woweta ng'ombe amene akuliza chitoliro ali yekhayekha kudambo la ku Chilwa, sakudzudzula boma. Akungofuna kuti chinthu chikome. Kuseka nakonso ndi ntchito: anthu amene ankadzaza maholo kukaonera Izeki ndi Jakobo ankapita kukaseka, ngakhale ankabwerako atatolapo kanthu.

Nanga za m'thumba?

Funso la bambo uja lili ndi yankho, ngakhale silokhazika mtima pansi. Mukamakwera msewu wa ku Ku Chawe mumapeza osema atayala njovu, mvuu, mabawo ndi mipando ya mafumu. Muone mmene amagwirira ntchito: kusema ndi kasemasema, kusalaza ndi sandipepa, kenako kupaka polishi wa nsapato n'kupukuta mpaka mtengo uwale. Amasema zimene alendo amagula, ndipo amadziwa kuti chiboliboli chachikulu sichilowa m'chikwama cha pandege. Alendo akachepa, monga zinachitikira nthawi ya Covid-19, kunyumba kumagonedwa ndi njala. Palinso vuto la mitengo: phingo ndi mkungudza wa ku Mulanje, imene osema ankaidalira, yatsala yochepa kwambiri.

Kwa oimba ndi alembi, nkhani yagona pa umwini. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ma royalty, ndalama zimene mawailesi, malo achisangalalo ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo amalipira kuti zikafike kwa eni ake. Lamulo la umwini wa zaluso linakonzedwanso mu 2016. Koma pamsika uliwonse pali mnyamata wa kompyuta amene amadzaza nyimbo mazana mu memori khadi pa mtengo wochepa, woimba osalandirapo kanthu. N'chifukwa chake oimba ambiri amadalira mashowo, maukwati ndi makampani ofuna kutsatsa malonda. Intaneti yatsegula khomo lina: Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu anadziwika m'maiko ambiri kudzera pa TikTok ali ndi zaka zoposa 90. Kuzungulira woimba mmodzi pamadyanso ojambula mavidiyo, eni zokuzira mawu, osoka zovala ndi ogulitsa chiwaya pageti.

Chinthu chikachoka pamalo pake

Mbali yovuta kwambiri ndi yakuti ntchito ya luso imasintha chinthucho chikasamuka. Mu 2013, Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, analowa m'ndende yaikulu ya Zomba n'kujambula nyimbo za akaidi, amuna ndi akazi, pamodzi ndi ena mwa owayang'anira. Chimbale chimene chinatuluka chinapikisana nawo pa mphoto za oimba za ku America zotchedwa Grammy mu 2016, koyamba kuti nyimbo za ku Malawi zifike pamenepo. Mkati mwa mpanda, nyimbozo zinali zopepesa, zodandaula, zokumbukira ana amene anatsala kumudzi, zothandiza kuti tsiku lidutse. Zitafika ku Los Angeles zinasanduka malonda, mbiri ya dziko, komanso umboni wa mmene akaidi amakhalira. Ambiri mwa ogula sankamva n'komwe Chichewa. Nyimbo zinali zomwezo, koma aliyense ankamvamo zake.

Magule a makolo akukumana ndi zomwezi. Tchopa wovinidwa popereka nsembe ndi wosiyana ndi wovinidwa pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, pamaso pa makamera ndi alendo olemekezeka. Gule Wamkulu akatuluka pa msonkhano wa ndale kapena pa hotela, ena amati mwambo wapeputsidwa, ena amati ndi njira yoti usafe ndiponso kuti ovina apezepo sopo. Kusukulu za pulayimale ana amaphunzira Expressive Arts, phunziro lophatikiza kuimba, kuvina, kujambula ndi masewero, limene silabasi yake imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Kumeneko gule amaphunzitsidwa ngati chikhalidwe ndi masewero olimbitsa thupi. Kholo lopemphera limene limamuona ngati chipembedzo china likhoza kukana kuti mwana wake avine nawo, ndipo mphunzitsi ndi khololo akhoza kukangana tsiku lonse osazindikira kuti wina akunena za ntchito ina, mnzake ina.

Mikangano ya ndalama za boma imayendanso momwemo. Amene amaona zaluso ngati bizinesi amafunsa kuti zibweza zingati. Amene amaziona ngati nkhokwe ya mbiri amafunsa kuti chitayike n'chiyani tikapanda kuzisamala, ndipo amene amaziona ngati pakamwa pa anthu wamba amaopa kuti woimba wodyetsedwa ndi boma sadzalumanso.

Umwini nawo uli ndi mfundo yake yosamasuka. Nyimbo ya woimba wodziwika mwini wake amadziwika, koma nanga beni ndi wa yani? Lamulo la dziko lino limati umwini wa nthano, nyimbo ndi magule a makolo uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo wofuna kupangira malonda zinthu zimenezi ayenera kutenga chilolezo. Koma kumudzi, amene amaloleza kuti gule atuluke kapena ajambulidwe ndi mfumu ndi akuluakulu a mwambo, ndipo ambiri a iwo amaona kuti chilolezo chenicheni n'chawo. Wojambula filimu amene wabwera ndi kalata ya ku Lilongwe amayenerabe kukagwada kwa mwini bwalo asanatulutse kamera m'chikwama.